Sikuluwu Yotsala

Chiperoni chagona masiku atatu pa Chitakale,
phiri labisala ngati munthu wangongole,
ndipo makina anga asankha lero kunyanyala.
Ndikaponda akudumpha msoko,
atatu alumikiza, awiri asiya,
kunsi kwa nsalu ulusi wapiringizana
ngati chisa cha mpheta.

Mayi Nakhumwa akufuna bulauzi yawo ya Mvano Loweruka.
Analipira kale theka,
theka lomwelo tinadya Lachiwiri.

Kale zikatere ndinkangoitana:
abambo ake Tiyanjane, tabwerani kuno!
Ankabwera akupukuta manja pa thalauza,
amvekere, "Pitani mukatereke tiyi,
izi n'zachimuna."
Ndinkamva kwakwata, kwakwata kuseri kwa chitseko,
pobwera ndi kapu, makina achira.
Chino n'chaka chachitatu ali ku Joni.
Nambala yawo amayankha ndi mkazi wa m'foni
wonena kuti sakupezeka.

Ndayala chitenje chakale pansi
kuti kakugwa kaoneke.
Sikuludiraiva anapita nayo,
mpeni wothyoka nsonga ndiwo ukhale mmisiri lero.

Ndayamba ndi lamba. Watamuka ndi chinyontho.
Ndadulako kachidutswa ngati chikhadabo,
ndaboola ndi msomali, ndalumikiza ndi waya.
Gudumu lakokeka bwino.
Kuponda: atatu alumikiza, awiri asiya.

Ndatsegula kachitsulo ka pansi pa singano.
Mayo ine, zomwe zili m'menemo!
Fumbi la nsalu la zaka zisanu ndi ziwiri
launjikana pakati pa mano a makina:
lobiriwira la yunifolomu za ana a pa esiteti,
loyera la diresi la ukwati wa Felesiya
umene unatha isanathe ngongole yake,
lakuda la maliro a amalume ku Muloza.
Ndatokosa ndi nthenga ya nkhuku,
ndatsuka dzimbiri ndi palafini wa m'nyali,
ndadontheza mafuta m'timabowo tonse
monga ndimathirira mankhwala m'maso mwa mwana.

Bobini ndachotsa, ndapombanso ulusi mofatsa.
Kasikuluwu ka shatulo ndakhwefula pang'ono,
ndakunganso, ndakhwefulanso.
Kuponda: atatu alumikiza,
awiri
asiya.

Pamenepo ndinakhala chete, manja m'chiuno.
Panjira mathirakitala a tiyi akudutsa,
othyola masamba afunda mapulasitiki kumutu,
madengu kumsana.
Ndinaganiza za a Likhutcha a ku Limbuli,
okonza makina, amene mtengo wawo
umakwera akaona kuti pakhomo palibe mwamuna.

Tiyanjane wabwera ku sukulu, mabuku anyowa.
Wasuzumira, mphuno pafupi ndi singano.
"Amama, dzulo itathyoka ija
ndinaika ina ndine.
Ndimafuna ndikudabwitseni."

Kuyang'ana: singano yaima chafufumimba,
ngalande yake yaloza kwina,
ulusi ukuphonyana ndi shatulo
ngati anthu odana pa msika.
Tsiku lonse kufukula nyumba,
chikhalirecho vuto laima pakhomo!
Ndinafuna kukalipa, chinatuluka ndi chiseko.

Ndaitembenuza, ndamanga.
Ndabweza chilichonse m'malo mwake,
chitsulo pa chitsulo, mpeni ukuterera.
Kuponda:
tcheke-tcheke-tcheke-tcheke,
msoko wowongoka ngati mizere ya tiyi ku Lujeri,
pamwamba ndi pansi kugwirizana.

Pokutumula chitenje, kanthu kagwa, ngwe!
Sikuluwu imodzi, yaifupi, yamutu wakuda.
Ndafunafuna bowo lake, sindikulipeza.
Ndasoka mkono wa bulauzi, ndasoka kolala,
ndagwedeza makina, ndatchera khutu.
Palibe chikulira.

Ndaiponya m'kachitini ka mabatani,
momwe muli mphete ija
ndi kapepala ka nambala ya ku Joni.
Mwina tsiku lina ndidzadziwa chomwe inkagwira.

Kunja nkhungu ikung'ambika pang'onopang'ono,
phewa la phiri layamba kuoneka.
"Tiyanjane, katereke tiyi,
ukabwere udzakhale apa uone
mmene singano imalowera."