Khutu la Pansi pa Mlatho

Bambo anga anakalambira m'chipinda chopanda fumbi
ku Hsinchu, kumene mphepo siipuma,
atavala zoyera mpaka m'maso,
akuchepetsa zinthu zochepa kale.
Pakapita zaka ziwiri ankabwera madzulo n'kunena,
"Tadulanso pakati."
Amayi ankangofunsa ngati adya.

Lero mpeni uja wagunda fupa.
Waya waonda mpaka maatomu akuwerengeka,
ndipo atomu sungamuuze kuti sendera uko.
Fakitale imameza ndalama chaka chathunthu
n'kulavula phindu loonda ngati tsitsi.

Ine Wan-ju, mwana wawo wachiwiri,
anandipatsa kachipangizo konga chikhadabo,
ka batire limodzi, ka ubongo wa nyerere,
kuti ndikakamate kunsi kwa mlatho wa pa Touqian.
Sikadzakula. Sikadzathamanga kuposa apa.
Chotsala n'kukaphunzitsa kumva.

Poyamba kanali kamantha.
Lole ikadutsa, akuti chivomezi.
Namondwe akaomba, akuti chivomezi.
Usiku wina kanandidzutsa katatu
chifukwa cha njiwa zokangana pa chitsulo.

Ndinakadyetsa mawu zikwi makumi anayi,
kugunda, kukwecha, kunjenjemera,
kanayamba kusiyanitsa basi ndi mphepo,
koma mng'alu sikankaudziwa.

Lamlungu lina bambo, khutu limodzi logontha,
anatola mahedifoni anga patebulo osapempha.
"Iyi ndi bawuti yomasuka.
Apa ndi dzuwa chabe, chitsulo chikudziwongola.
Tabwereza. Wamva? Simenti ikulira m'kati."
Sindinamve kanthu.
Ndinalemba.

Miyezi itatu, tiyi akuzizira m'makapu,
iwo akutchula, ine ndikulemba, iko kakumeza.
Pena ankalakwitsa, nako kanatengera,
monga mwana atengera katsokomoledwe ka kholo,
ndipo tinkakangana mpaka amayi kuzimitsa magetsi.

Tsopano kali pansi apo, pakati pa zisa ndi dzimbiri.
Malole amadutsa, iko phee.
Sikatumiza phokoso lonse kumzinda,
kamasunga batire ngati mpunga wa mwezi wovuta,
kakudikira liwu limodzi lija
limene tonse sitifuna kuti libwere.

Bambo akakwera basi yowoloka mtsinje
amasankha mpando wa kumanzere,
khutu labwino n'kulitsamiritsa pa galasi.
Dzulo atatsika anandikoka dzanja:
"Nsanamira yachitatu ija, ukakafunse."
Ndakafunsa. Sikanayankhe.
Mmodzi mwa awiriwa akulakwitsa,
ndipo mawa m'mawa ndikupita ndi makwerero.