Kapu ya Seveni Koloko

Sikisi koloko ikakwana ndimapinda buluku mpaka m'mawondo
n'kukhala pakhonde la Binali,
tochi kumanzere, kapaipi kukamwa,
miyendo pamtetete ngati chinangwa choyanika.
Nyambo ndine.
Mbedza ndi mpweya wanga.

Amafika osaodira.
Woyimba m'khutu uja ngwaphokoso chabe.
Amene tikumufuna salankhula,
amatera pakakolo, mutu pansi, matako m'mwamba,
ngati munthu wowokera mpunga kudambo.
Asanabaye ndimamukoka, fyuu!
Kansalu ka m'paipi kamamuletsa kundifika kummero,
ndimamuuzira m'kapu ya pepala
yolembedwa ola lake.
Usiku wathunthu tinaugawa m'makapu khumi ndi awiri,
Binali asanu ndi imodzi, enawo anga.

Dzanja limafuna kuwomba.
Limanjenjemera, limakumbuka ntchito yake,
koma kafukufuku akumufuna wamoyo.

Pamsika wa Mpamantha ankandilozera ndi milomo:
uyo walowa gulu la anamapopa,
akugulitsa magazi a anzake usiku.
Ndinawaonetsa zotupa m'misongolo,
ndinati magazi akupitadi, koma ndi angawa,
ndipo wopopayo nayu m'kapu, bwerani mumuone.
Ena anaseka. Wogulitsa matemba sanandipatsenso moni.

M'mawa Mayi Kalonjere amabwera panjinga yamoto,
matope mpaka m'chiuno, bokosi kumsana.
Amasankha udzudzu ngati wosankha miyala mumpunga:
uyu ayi, uyu ayi, uyu ndiye.
Tsiku lina anandilola kusuzumira m'makina awo
ndipo ndinamuona mdani wanga pafupi,
mapiko amawangamawanga ngati chitenje chatsopano,
mimba yowonda, miyendo ngati ulusi.
Kanthu kotere
n'kumakumbitsa amuna asanu ndi atatu dzenje?

Anawatsekera ena m'botolo la pepala lamankhwala.
Ola litatha, theka anali gone,
enawo chilili, akupukuta miyendo
ngati alendo odikira tiyi.

Kenaka anandisonyeza kope.
Taona, Sumaili, kapu ya seveni koloko.
Kale tinkapezamo awiri, atatu.
Dzulo wagwira khumi ndi mmodzi.
Ayamba kudya msanga,
anthu asanalowe m'neti.

Ndinakhala pansi, pa dothi pomwepo.

Sigele anali ndi zaka zinayi.
Anatisiya m'mwezi wa Malichi, pakaliyala ya njinga,
chipatala chikuonekera malata.
Neti inalipo. Ndinaimangirira ndekha,
mayi ake ankaipisa pansi pa mphasa ngodya zonse.
Titachoka kumanda ndinaitsitsa,
ndinaiyendera ndi zala diso ndi diso
kufuna bowo loti ndiliimbe mlandu.
Panalibe.
Zaka zisanu ine ndi Asiyatu takhala tikugona chofulatirana,
aliyense akufunsa khoma lake
kuti anaiwala kupisa ndani.

Seveni koloko.
Nthawi imeneyo Sigele ankakhala pakhonde,
akusenda mtedza, wambiri ukulowa m'kamwa,
miyendo pamtetete
ngati yangayi.

Mayi Kalonjere akuti ndisafulumire,
mudzi umodzi si dziko,
mvula imodzi si umboni,
afunika makapu a ku Benga, a ku Dwangwa, a chaka chamawa.
Chabwino. Iwo adikire manambala.
Ine ndinapita kunyumba ndi ola limodzi lokhalo m'manja
n'kukamuuza Asiyatu: sunali iwe.
Sindinali ine.
Sanayankhe. Anapitiriza kutsuka mbale yotsukatsuka kale.
Usiku umenewo anatembenuka.

Tsopano ana athu amalowa limodzi ndi nkhuku,
akudandaula kuti anzawo akadasewera chibisalirano.
Ine ndimameza mbulu wanga wa mankhwala,
ndimatenga tochi, ndimapinda buluku.
Achule ayamba kudambo.
Wina watera pakakolo lakumanja,
wopepuka ngati phulusa.
Dzanja, khala chete.
Uyu tikufuna timufunse.