Mphere za M'galasi

A Shawa anapita ku Lusaka, n'kundisiyira makiyi
ndi nsomba zisanu ndi ziwiri m'bokosi lagalasi
pakati pa shelefu ya panado ndi sikelo ya makanda.
Amvekere, "Zelipa, chakudya chokha, kachala kamodzi basi."

Lachitatu ndinaona yofiira ija, yamchira ngati chitenje,
ikudzikhula pamwala.
Ndinazindikira msanga. Penyani wanga ankatero
pakhoma lathu ku Mchini chaka cha mphere,
kukhula msana mpaka njerwa kusalala.

Pofika Lachisanu timadontho toyera
tinali titamera thupi lonse,
ngati wina waiwaza mchere isanafe n'komwe.
Zipsepse zikunyenyeka m'mphepete
monga kolala ya shati ya kutchalitchi.

Ndikukayikira yakuda ija.
Inatsika basi ya usiku ili m'kapulasitiki,
tonse m'sitolo tikuiombera m'manja.
Amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa.
Uyu anadza ndi tizilombo tosaoneka ndi maso.

Tsiku lonse ndimakulungira anthu a ku Kapata
mankhwala a njoka za m'mimba, a chifuwa, a zilonda,
koma m'mabotolo onsewa
palibe ngakhale limodzi lolembedwa kuti nsomba.

Ndinaimba foni, mawu akuduka:
"...uipatule... sintha madzi... mchere pang'ono..."
Ndinaiika m'ndowa yokolopera nditaitsuka katatu.
Kenako magetsi anathima,
kampope ka thovu n'kungoti zii,
ndipo ine, mayi wa ana atatu,
ndinatsala mumdima wa ku Down Shops
ndikutunga madzi ndi kapu n'kumawathiranso
kuti zinazo zipeze mpweya.

Loweruka m'mawa inali chagada.

Kwathu nsomba yakufa ndi ndiwo.
Ndagula milu ingati ya kapenta pa Saturday Market
osafunsa kuti anafa ndi chiyani?
Koma iyi inkandidziwa.
Ndikamapukuta galasi inkatsatira kansanza
uku ndi uku, kukamwa kuli yasa.
Ndinaikulunga mu risiti
n'kuikwirira m'chitini cha maluwa pakhomo,
mlonda akundiyang'ana ngati ndapenga.

Zatsala zisanu ndi imodzi.
M'mawa uliwonse ndisanagwire tsache
ndimagwada ndi tochi ya foni
kuunika msana uliwonse.
Lero yachikasu yadutsa pafupi ndi mwala uja.
Sinaukhudze.
Makasitomala ayamba kugogoda,
ine ndikadagwada.