Ngongole ya pa Geti la Chipatala

Sabata yachitatu tili m'chipatala cha Zomba,
iwe pabedi, ine pansi pake
pa chitenje chimene chayamba kununkha jiki.
Mbale ya phala unkangoiyang'ana
ngati munthu amene munakangana pa malire a munda.
"M'kamwa mwafa," unkatero,
"chilichonse chikumveka ngati ndamumata khobidi."

Ndinatuluka pageti kuti misozi ikagwere kwina.
Ndiko ndinapeza Abiti Ajasi a ku Songani
atayala thumba la feteleza m'mbali mwa msewu,
zipatso zili timilu timilu, ntchentche akuingitsa ndi katoni.
Sanafunse kuti ndigula chiyani.
Anafunsa: "Wodwala wanuyo pakumuvuta pati?"

Anatola bwemba, naswa chikhokhombe ndi chala chachikulu.
"Mukaviike m'madzi ofunda, mufinye, kashuga pang'ono.
Lilime logona limadzuka ndi zowawasa."
Ndinati ndalama yatsala ya minibasi yokha.
Anati, "Nanga mukuthawa mawa?"
Nthanga imodzi ya bwemba anaiponya m'kabotolo ka mafuta odzola.
Imeneyo ndiyo inali ngongole yanga.

Unakwinya nkhope, Mavuto wanga, unatukwana pang'ono,
kenako unapempha kapu yachiwiri.

Tsiku lililonse linali ndi chipatso chake.
Papaya, m'mimba mutauma masiku anayi,
lofewa, lofiirira ngati dothi la ku Thondwe mvula itakata.
Mandimu ndi uchi, chifuwa chikamang'amba usiku
mpaka wa bedi loyandikana kudzuka n'kupemphera.
Ufa wa malambe m'phala lija unkalikana.
Peyala lokanyakanya ndi supuni,
"kuti nthiti zibwerere m'nyumba," iwo ankatero,
"zisamangoima panja ngati mapaso a denga losafolera."
Ndipo utatsekula m'mimba Lachisanu lija
anandipatira masamba anthete a gwafa, aulere,
atawamanga ndi luzi.

Anesi, a Kalilombe, anandipeza ndikusefa.
"Zipatso adye, mayi, koma piritsi asadumphe n'limodzi lomwe.
Papaya si dokotala."
Nditakawauza, Abiti anaseka mpaka duku kumasuka.
"Sakunama ayi.
Iwo akuthamangitsa mbuzi zalowa m'dimba.
Ine ndikungothirira mpiru umene watsala."

Nthanga zinafika khumi ndi zinayi.
Ndinkazimva zikulira m'botolo ndikamadutsa,
ndinkayenda chozyolika.

Tinatuluka Lolemba, nkhungu itaphimba phiri mpaka m'chiuno.
Unayenda wekha kukafika pamsewu,
buluku utamanga ndi chingwe cha thumba,
ukudandaula kale za mtengo wa kabaza.
Ndinadziwa kuti wachira.

Ndinabwerako patatha mwezi, nditagulitsa nandolo ku Jali,
ndalama nditaimanga pa ngodya ya chitenje.
Pamalo paja panali kamtsikana kogulitsa masuku.
"Azakhali ali m'katimo," kanaloza ndi mlomo,
"miyendo inatupa, akuti mtima.
Wodi ya amayi, bedi la pazenera."

Ndinaima pamenepo nthawi yaitali.
Kenako ndinapita kumsika waukulu,
ndinadina mapapaya asanu ndi awiri
wogulitsa mpaka kundikalipira,
ndinasankha limodzi, ndi mandimu atatu, ndi bwemba wodzaza dzanja.

Anali atachepa, ngati ndimu lotsalira pa thumba dzuwa likamalowa.
Kabotolo kaja kanali pa lokala, pambali pa mankhwala.
Ndinamasula ndalama. Anaikankha ndi chigongono.
Papaya ndiye analandira ndi manja awiri,
naligogoda pafupi ndi khutu,
nalinunkhiza ku phesi,
nandiyang'ana ngati mwana wolephera mayeso.

"Mwezi wonse ndakuphunzitsani, mayi,
mpaka lero mukugulabe losapsa?
Liikeni pazenerapo.
Ndiyenera kudikira mpaka Lachinayi tsopano,
ndilibenso kochitira."