Chipepeso cha Kutsidya

Chikwangwani cha pa Kaphatenga ndinalemba ndine.
Dzina la tauni yawo ndinakopera pa envulopu,
zilembo khumi ndi zitatu, ziwiri zili ndi timadontho pamutu
ngati zalumidwa ndi udzudzu.
Mpaka lero lilime langa limapunthwa pamenepo.
Akukhonsolo anati: imeneyi ndi mlongo wake wa Salima.

Ndinatsika pa makwerero, bulashi ikudontha, n'kufunsa:
ngati iwo ndi mlongo, ndiye kuti ana awo ndi mbumba yathu?
Ife amalume, osauka, koma amalume ndithu?
Anaseka. Penta iwe, maliza ntchito.

Anabwera mu Okutobala, anthu asanu, ofiira ngati nyerere za linthumbu,
dzuwa litawawamba pa kabaza.
Anasiya mjigo, mabuku, mipira iwiri.
Ife tinavina, tinaomba m'manja mpaka zikhatho kuwawa.
Usiku ndinagona ndi manyazi a munthu
amene dzanja lake limadziwa kutambasuka kokha.

Mmodzi yekha, Bilijita, mphunzitsi wa imvi,
anakhala pansi pa khonde la Mayi Sigele
n'kuphunzira kupeta mpunga wa ku Lifuwu.
Theka unathera nkhuku.
Sanajambule chithunzi. Anangoti, mawa ndiyesanso.

Zaka zinayi makalata akuwoloka.
Iye: kuno chisanu chatseka chitseko, galu wanga wakalamba.
Ife: kuno Linthipe wasefukira, Twaibu wakhoza mayeso.

Lachiwiri lapitali uthenga unalowa pa foni ya wapampando:
Bilijita watisiya.

Palibe anaitanitsa msonkhano.
Sigele anangoyala chitenje pansi pa chikwangwani changa.
Akabaza anaponyapo za ulendo umodzi umodzi,
wogulitsa mandasi, ana a sukulu ndi makobidi awo otentha,
Shehe ndi abusa motsatizana.
Kalaliki anawerenga, n'kupukusa mutu:
ndalama izi kwawoko sizigula ngakhale nkhata ya maluwa.

Sigele anamanga mfundo pa chitenjecho.
Anati, chipepeso sachiyeza pa sikelo.
Amene walira nawe ndiye wako.

Tatumiza, pamodzi ndi mpunga makilo awiri,
wopetedwa bwino, wopanda kamwala,
ndi kalata yoti ana ake akadzafuna kwawo kwina
amalume alipo.

M'mawa uno ndakweranso makwerero.
Dzuwa linali litadya timadontho tija,
ndatibwezera, tonse tiwiri,
mosamala ngati ndikudontheza mankhwala m'maso mwa mwana.