Denje la pa Khombedza

Anandiseka a Mtalimanja
tsiku lomwe ndinkagawula mabedi kuseri kwa chitsime.
Amvekere, denje sadzala,
limadzimerera lokha ngati mphekesera,
ukufuna kuthirira udzu iwe.

Sindinayankhe.
Njerezo ndinazipulula chaka chatha m'munda wa thonje,
zazing'ono ngati utitiri,
zouma mutu.
Ndinazimanga pakansalu, n'kuziviika m'madzi otentha
kanthawi kowerenga mpaka khumi
kuti zidzuke.

Masiku asanu, zii.
Lachisanu ndi chimodzi, timakutu tiwiritiwiri
kusuzumira pamwamba pa manyowa.

Kuyambira pamenepo ndine wantchito wake:
makeni anayi dzuwa lisanatuluke,
awiri likapendeka.
Pothithikana ndapatulira.
Nsabwe ndazithira phulusa.
Mbuzi ya a Chikaonda ndaitchingira ndi minga ya mthethe,
mpaka lero ikundisungira chakukhosi.
Likafika m'bondo ndimatsina nsonga,
limakwiya, n'kutulutsa nthambi zinayi.

Tsopano ndi Okutobala.
Dothi likuwotcha ndi wovala nsapato yemwe,
pamsika mpiru wafota,
chikukula ndi mtengo wake wokha.

Dzulo kunabwera kamtsikana,
mbale katabisa kumsana.
"Agogo akuti muwapatseko,
chidulo acheza kale."
"Agogo ake ati?"
Kanayang'ana zala zakumapazi.
"A Mtalimanja."

Ndinathyola mpaka mbale inasefukira.
Mzere wakumapeto sindinaukhudze,
uja wa timaluwa tachikasu.
Umenewo ndi wa njere,
ndipo kansalu kena ndachapa kale.
Chaka chamawa adzabwera okha.