Kokonati wa Mayi Fantonda

Mayi Fantonda abwerako kunyanja yamchere
mphuno ikusupuka, foni ili m'manja.
Andipeza ndikuvuula masamba a jakaranda m'dziwe losambira.
"Tibo, taona. Ndikufuna iyi. Inayi."
Pachithunzi, mitengo ya kokonati yaweramira madzi.
Dzina langa ndi Twaibu,
koma inde wa waganyu sachedwa pakamwa.

Loweruka tili ku nazale ya ku Honeydew,
iwo kutsogolo, ine kumbuyo kwa pikapu ndi wilibala.
Mlungisi anyowetsa chala, atsegula buku.
Uyu ndi wamtali, akutero,
amapitirira denga, amapitirira waya wa magetsi,
zaka zisanu ndi ziwiri musanalawe kanthu,
ndipo tsiku lina adzaponya chipatso
pamutu pa mlendo wanu ali ndi tambula m'manja.
Uyu wamfupi wachikasu, wa ku Malaya,
amabereka msanga ngati mbuzi,
mwana amathyola ataima pampando.
Uyu wobiriwira, madzi ake tseketseke.
Uyu ndi mwana wa awiriwo,
anatenga msinkhu kwa bambo, changu kwa mayi.

Mayi Fantonda aloza wachikasu.
Akuti agwirizana ndi maambulera.

Mlungisi atseka buku mwaulemu.
"Onsewa, madamu, Juni wa Joni amawapha.
Kuno ndi kumtunda. Chisanu chimabwera usiku
ngati apolisi, sichigogoda."

Ine ndayang'ana nsapato zanga.
Juni ameneyo ndimamudziwa:
jekete limodzi, mkuku wamalata ku Diepsloot,
madzi a m'ndowa atachita khungu ngati galasi,
zala zikukana kumanga batani.

Atitengera kuseri, kumzere wina.
Iyi amaitcha mfumukazi.
Thunthu lomwelo, makwawa akugwedera chimodzimodzi,
koma kokonati ayi,
timipira tofiirira basi, chakudya cha mileme,
totseka pampu ya dziwe mlungu ndi mlungu.
Chisanu imapirira. Siifunsa za nyanja.
Madamu abwerera mmbuyo masitepe asanu, apendeketsa mutu:
"Ukakhala pakhonde, ndani angadziwe?"

Zoona. Ndani angadziwe.
Nanenso mutakisi ndimapereka moni wa Chizulu,
foni ya kumudzi ikalira ndimaikanikiza m'thumba.
Ukandionera pakhonde, ndine wa konkuno.

Takweza zinayi.
Ndikumanga chingwe, diso lagwa pakona:
chipatso chimodzi m'thini la penti,
chaphukira tsamba limodzi lowongoka ngati mpeni.
Wina anabwera nacho kuchokera ku Debeni, nachisiya.
Mtundu wake? Mlungisi akweza mapewa.
Chilibe pepala.
Marandi zana ndi makumi asanu,
ndalama ya transipoti ya masiku atatu.

Kwathu ku Nkhotakota, kuseri kwa mzikiti,
bambo anali ndi umodzi wopindika m'chiuno.
Sitinaufunsepo mtundu.
Tinkangodziwa tsiku lokwera
ndi kulira kwa mbuzi yokokotera, mayi ali pa mpunga.

Tsopano mfumukazi zaima ku Randburg,
magetsi ang'onoang'ono akuziwalitsa kuchokera pansi,
alendo akujambula, akuti ngati ku Mozambiki.
Ine ndimatola timipira tawo Lolemba lililonse.

Wanga ali pakati pa bedi ndi mbaula.
Ndimamuthirira madzi ofunda, nthawi zina kamchere pang'ono,
usiku ndimamufunditsa thaulo lakale la madamu.
Chikaonda, mnzanga wogona naye chipinda, amadandaula:
mayunitsi akutha chifukwa cha mtengo,
mtengo woti sudzabereka!

Ndikudziwa kuti sadzabereka.
Denga nalo lili pafupi.
Koma dzulo, Julaye ali pakati,
ndadzuka folo koloko kukagwira takisi,
ndayatsa tochi ya foni,
ndapeza tsamba lachitatu
layamba kung'ambika timizere,
monga amachitira akafuna kukhala mtengo.